Jasi Loyera la a Dokotala Mhone

"Tsiku limene mudzandione ine, Mackford Mhone, nditagona pa tebulo la Weston, mudzandivule jasi loyerali mukaveke mbuzi."

A Mackford ananena mawu amenewa Loweruka masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Nkhata Bay, pomwe gulu la malipenga la Kepitauni linkakonzera gule wake. Anawanena mokweza kuti ngakhale amayi ogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu amve, ndipo atatha anasasa kolala ya jasilo ngati munthu amene wangotsika ndege. Amuna makumi awiri ovala makabudula oyera anaseka. Woimba ng'oma yaikulu anaimenya kamodzi, du, ngati akudinda chidindo pa kalata.

Kuti timvane bwino, udokotala wa a Mackford sunali wa kuchipatala ayi. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu iwo anali mesenjala wa pa boma, wopalasa njinga kukwera ndi kutsika zitunda za tauniyi, chikwama cha makalata chili lende paphewa lakumanzere. Koma malipenga ali ndi maudindo ake monga asilikali: pali Kingi, pali Kaputeni, palinso Dokotala. Gule akafika pachimake, wovina mmodzi amadzigwetsa dala ngati wakomoka. Apo Dokotala amatulukira ndi chikwama chake, kumumvetsera pamtima ndi kapaipi, kumubaya jekeseni ndi pampu ya njinga, ndipo wokomoka uja amadzuka n'kuvina kuposa anzake onse. Akachedwa kudzuka amamuika pa machira a nsungwi ndi chiguduli n'kumuzungulitsa bwalo. A Mackford anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu, mpaka dzina linawakanirira. Kumsika a Dokotala, kutchalitchi a Dokotala, ngakhale makalaliki ochokera ku Zomba ankati, "A Dokotala, tatipititsireni failo iyi." Munthu ukaitanidwa dzina lokoma zaka zambiri, umayamba kuiwala kumene unalitola.

Zinthu zinasokonekera chaka cha 1975, pamene sitima ya Ilala inatsitsa Weston padoko. Weston anali mng'ono wa a Mackford wa bere limodzi, yemwe anathawa sukulu ali Sitandade 4 n'kupita ku Halale kukafuna ntchito. Kumeneko anakhala zaka makumi awiri akusesa ndi kukolopa kwa mzungu wina wochiritsa misana, makosi ndi mawondo ndi manja okha, popanda jekeseni kapena piritsi. Eni ake ntchitoyo amaitcha ositiyopafe, koma dzinalo linalephera kukwera chitunda cha padoko. Anthu ankangoti kuwongola. Mzunguyo atakalamba zala zinayamba kumuvuta, ndiye anayamba kubwereka za Weston, uku akumuphunzitsa fupa lililonse ndi mnofu umene umalikoka. Nkhondo itavuta ku Rodeshiya anabwerera kwawo, n'kumusiyira Weston tebulo lake lalitali, lokutidwa chikopa, lokhala ndi bowo poika nkhope.

"Anzake amabwera ndi wailesi, njinga ndi makina osokera," anatero a Mackford tsiku limenelo padoko. "Wathuyu watibweretsera bedi lobooka."

Anaseka miyezi iwiri yokha. Woyamba kugona pa bedi lobookalo anali Twaibu, wonyamula katundu padoko, yemwe msana unamupinda mpaka ankayenda ngati akufuna ndalama yotayika. Anapitako kanayi, kachisanu anamuona akusenzanso thumba la usipa akuimba mluzu. Basi mbiri inawanda. Pakhonde la Weston panayamba kudzaza asodzi ouma mapewa ndi nkhafi, amayi osinja chinangwa, ndi makalaliki amene makosi awo anauma pa taipi.

Chimene chinawalasa a Mackford chinachitika m'mawa wina. Mayi wina wochokera ku Chintheche anaodira pakhomo pawo.

"Odi kuno. Kwa a Dokotala Mhone ndi pano?"

A Mackford anatuluka akumanga batani la pakhosi. "Mwafika, ama. Ndine."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma anandiuza kuti ndi wamfupi, wadazi."

"Kwerani pamtundapo, ama, nyumba ya chitseko chobiriwira," anayankha mayi Edna, akazi awo a Mackford, ali kukhitchini. Tiyi wa tsiku limenelo anawawira a Mackford ngati amuthira kwinini.

Sabata yotsatira anaona chinthu china. Mayi Edna anali ndi phewa louma. Zaka ziwiri mkono wamanja sunkakwera kupitirira khutu, ndipo lichero la pamwamba pa kabati ankawatsitsira ndi amuna awo. Tsikulo anangotambasula mkono n'kulitsitsa okha.

"Mkonowo wakwera liti?" anafunsa a Mackford.

"Wakwera wokha."

"Wokha? Edna, unapita kwa Weston iwe."

"Ndinapita, inde, katatu. Ndi mlamu wanga. Mumafuna ndidikire pampu yanu ya njinga?" Anapeta ufa pang'ono, kenako anawonjeza chapansipansi, "Inunso mukanapita, bambo a Jenny. Mumayesa sindiona mmene mumadzukira?"

Apa mayi Edna anakhudza pachilonda. A Mackford anali ndi chinsinsi chawo. M'mawa uliwonse msana unkawagwira m'chiuno kumanzere, moti podzuka ankayamba agubuduka, kugwada, kenako kukwera ndi mwendo wa bedi ngati buluzi. Pansi pa malaya ankamanga chubu cha njinga kuti chiwagwire chiuno. Koma munthu amene anamuphunzitsa Weston kupukuta mamina akagone chafufumimba pamaso pa Weston yemweyo? Bola kufa ndi chubu.

Ndiye Loweruka lija pansi pa mango, kutatsala masabata awiri kuti gulu likavine pa chikondwerero cha 6 Julaye, a Simon Kamanga, telala wa pamsika yemwe anali Kingi wa gululo, anabwera akutsimphina. Bondo linali litauma. Kingi wosapinda bondo ali ngati ng'oma yonyowa. Ananena kuti apita kwa Weston, ndipo mmodzi mwa ovina anaponya mawu mwanthabwala, nthabwala zija zokhala ndi fupa m'kati: "Bwanji a Weston tingowalowetsa m'gulu? Jasi lizivalidwa ndi dokotala weniweni." Ena anavomera ndi mitu. Apa m'pamene a Mackford anatchula za mbuzi.

Lolemba anapita ndi makalata ku ofesi ya a tcheyamani a chipani. Masiku amenewo mawu amodzi onong'onezedwa pa ofesi yotere ankatha kumutumiza munthu kumene makalata safika, ndipo mesenjala ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. A Mackford anaika makalata pa desiki, anatembenuka, anafika pachitseko, n'kubwereranso.

"Bwana, pali kankhani. Pali munthu wina anabwera kuchokera ku Rodeshiya. Tsiku lililonse pakhonde pake pamasonkhana anthu, makumi awiri, makumi atatu. Chilolezo cha msonkhano alibe. Zimene amakambirana sitizidziwa."

A tcheyamani anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuza khosi kumanja, kulibweza, kulitembenuza kumanzere, pang'onopang'ono ngati akuonetsa wotchi yatsopano.

"Mwaona, a Mhone? Miyezi isanu ine ndimatembenuka thupi lonse ngati ng'ona. Munthu akandiitana kumbuyo, pomwe ndimamaliza kutembenuka iye wafika kale ku Mzuzu. Msonkhano mukunenawo nanenso ndinakhalapo, pa benchi, kudikira nthawi yanga." Anatsegula dilowa. "Mwachita bwino kundikumbutsa. Kalata iyi mukampatse mng'ono wanuyo. Pa 6 Julaye akakhale kumpando wa alendo."

A Mackford atatuluka anaima pamasitepe. Anaona bwinobwino dzenje limene anafuna kukankhiramo mwana wa amayi awo, ndipo anachita manyazi. Koma nsanje ndi nsabwe ya m'chovala chako chomwe: ungaiiwale pang'ono, ikulumanso. Pofika pa njinga anali akuganiza kale za mpando wa alendo. Zaka khumi ndi zisanu akuvina padzuwa, palibe anawapatsako ngakhale chitsa.

Kalatayo anakapereka Lachitatu. Anapeza Weston akubweza bambo wina amene bondo lake linali lotupa ndi lotentha.

"Ili si langa, ada. Thupi lanu likutentha. Pitani kuchipatala lero lomwe, akakuoneni adokotala. Ndikaligwira ine ndiliwononga."

"Wayamba kuthawa ntchito," anadziuza a Mackford, n'kutsamira pachitseko kuti aone bwino, poti pa tebulo panali pakubwera a Kingi.

Weston sanathamangire bondo. Anayamba ndi mafunso: ululu unayamba liti, umakula m'mawa kapena madzulo, makina amaponda ndi mwendo uti, mpando wa pashopu ndi wotani. Anawauza a Simon kuti ayende kufika pawindo n'kubwerera, iye akuwayang'ana kumbuyo.

"Bondoli lilibe mlandu, a Kamanga, likungolira maliro a mnzake. Vuto lili m'chiunomu. Mpando wanu ndi wopendekeka, ndiye mnofu uwu wakhala wokokeka mpaka wauma ngati chikopa cha ng'oma, ndipo ukukoka bondo."

Anawagoneka. Anakanda mnofuwo ndi zala zazikulu nthawi yaitali, kuchokera m'chiuno kutsika ntchafu, a Simon akubuula m'bowo muja. Anaunyamula mwendo, kuupinda, kuuzunguza pang'onopang'ono, akuwauza kuti apume mozama. A Mackford anayasamula. Pomaliza Weston anawagoneka cham'mbali, dzanja lina paphewa lina m'chiuno, n'kukankha pang'ono chabe. Kunamveka kha. Apo a Mackford anadzidzimuka, maso gwa.

A Simon anatsika, anayenda, anayesa kunyonyomala. Anafika theka.

"Theka linalo tidzalipeza Loweruka," anatero Weston. "Ndipo musamaganize kuti kulira kwa fupako ndiye mankhwala. Mankhwala ndi zija tayamba nazo, ndi izi muzikachita kunyumba m'mawa ndi madzulo." Anawaonetsa mmene angatambasulire mwendo atagwira khoma. "Mpando uja muuike kathabwa kunsi."

Mawu amenewa a Mackford sanawamve. M'mutu mwawo munali mukulira kha yekhayo. Ndiye matsenga onse ndi amenewa? Zaka makumi awiri ku Halale kukaphunzira kuthyola zala za pamsana?

Weston analandira kalata ija ndi manja awiri, koma maso ake anali pa mkulu wake.

"Akulu, mwaima ngati bwato lolemera mbali imodzi. Chikwamacho muzisintha phewa, ndipo chishalo cha njinga yanu chatsika kwambiri. Bwanji mugone apa pang'ono? Anthu apita, palibe aone."

"Iwe Weston, ine ndinakubereka kumsana kuno popita nawe ku sukulu imene unaithawa. Msana umenewu sufuna zala zako."

"Chabwino, akulu. Tebulo silithawa."

Tsiku la 6 Julaye bwalo la pa boma linadzaza mpaka ana anakwera m'mitengo. Ana a sukulu anaguba, amayi anavina atavala nsalu za chipani, kenako kunamveka kulira kwa zikho za malipenga ndi ng'oma yaikulu. Kepitauni inalowa m'mizere iwiri, masokosi oyera ofika m'mawondo, mataye pakhosi, timipango m'manja. Kutsogolo kunali a Kingi Simon, akupinda bondo lija mpaka pansi n'kudzuka mwaulemu ngati sanadwalepo. Anthu ena anayamba kuloza kumpando wa alendo, kumene Weston anakhala ndi dazi lake likunyezimira pafupi ndi a tcheyamani.

A Mackford anaona zala zolozazo, koma sanadandaule, poti anali atakonza zawo. Lero kunalibe za pampu. Lero tauni yonse ione kuti chimene Weston amachitira m'nyumba, pa tebulo la mzungu, iwo angachichite chiimire, pabwalo, ng'oma ikulira. Nthawi zonse wokomoka ankakhala Amon, mnyamata wowonda ngati bango. Koma kuwongola bango n'chiyani? Anali atapangana ndi Davis, chimunthu chonyamula migolo padoko, kuti lero akomoke ndi iyeyo.

Gule atafika pachimake Davis anagwa, fumbi koboo. A Mackford anatulukira ndi chikwama, akuyenda monyang'wa. Anamumvetsera pamtima, anapukusa mutu, anatulutsa pampu, anaiyang'ana, n'kuiponya kutali. Anthu anaseka. Anamudzutsa Davis, anamuimika, anaima naye msana ndi msana, n'kukolowekana naye mikono. Anaponya diso kumpando wa alendo kuti aone ngati Weston akuyang'ana. Kenako anawerama mwamphamvu n'kumunyamula Davis yense pamsana.

Kha uja anamvekadi. Koma sanachokere kwa Davis.

A Mackford anamva ngati wina wawabaya ndi mkondo wamoto m'chiuno, motowo n'kutsika mwendo wamanzere mpaka kuchala. Davis anatsetsereka, anaima, n'kuyamba kuvina monga anapangana. Koma Dokotala anakhala chiweramire, manja ali lende, akuyang'ana nsapato zake. Anayesa kuwongoka, dziko linachita mdima.

"Ndithandizeni," anatero. "Msana."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Dokotala wachiritsa wodwala, matenda alowa mwa iye mwini! Zoterezi zinali zisanaonekepo m'malipenga. Amayi analuluta. A tcheyamani anaseka mpaka kupukuta misozi. Ovina nawo anayesa kuti ndi gawo la sewero limene a Dokotala anawabisira, ndiye anayi anathamanga ndi machira a nsungwi aja, anawagwetserapo chopindika chomwecho, n'kuwanyamula pamapewa.

"Nditsitseni, anthu inu. Si sewero, ndikufa."

"Apitirize, apitirize," anakuwa anthu. "Koma a Dokotala lero aphika."

Anawazungulitsa bwalo akuvina nawo, masitepe atatu kutsogolo, imodzi kumbuyo, ndipo sitepe iliyonse inkafika m'chiuno mwa a Mackford ngati hamala. Zaka khumi ndi zisanu ananyamulitsa anthu pa machira amenewa osadziwa kuti nsungwi yakumanzere ili ndi mfundo. Akamalira kwambiri, anthu ankaombanso m'manja kwambiri. Sanayambe ayamikiridwapo chotere moyo wawo wonse.

M'bwalo lonselo anthu awiri okha sankaseka. Mayi Edna anali ataimirira, manja ali pamutu. Ndipo Weston, amene ankayang'ana mmene phazi lamanzere linkalendewera, anadzuka pampando wa alendo, anadutsa pakati pa mizere ya ovina ndi jekete lake la ku Halale, n'kuima kutsogolo kwa machira.

"Imani. Atsitseni pang'onopang'ono, mbali zonse pamodzi."

Ng'oma inaleka. Weston anagwada. Anawavula nsapato n'kuwatsina chala cha kuphazi. "Mukumva, akulu? Tagwedezani phazi. Linalo. Chabwino, fupa silinathyoke, ndi mnofu wagwira. Anyamuleni, koma osavina."

Ulendo wokwera chitunda kupita ku nyumba ya chitseko chobiriwira unali wautali, ndipo theka la bwalo linatsatira pambuyo. Weston anatseka chitseko, koma mawindo analibe makatani, ndipo a Kingi ndi onyamula machira anali kale m'kati. Anawasamutsira pa tebulo. Nkhope ya a Mackford inalowa bwinobwino m'bowo lija, ngati analiboolera iwo.

"Jasili livulidwe," anatero Weston. "Sindingagwire msana kudzera m'nsalu."

Mayi Edna anawavula mkono umodzi, kenako winawo, n'kukweza malaya. Chubu cha njinga chinaonekera, chozungulira kawiri m'chiuno, chomangidwa mfundo pamchombo. Kenako a Simon anatola jasi lija, analitambasula m'mwamba n'kuliyang'ana uku ndi uku ngati telala amene akuyeza kasitomala.

"A Dokotala, mbuzi ija munanena, ikhale yaikazi kapena tonde? Ndifuna ndidziwe pobweza mapewa."

Ena anabisa nkhope m'timipango. Weston sanaseke. Analanda jasilo m'manja mwa a Simon, analipinda bwinobwino, n'kuliika pansi pa chifuwa cha mkulu wake kuti atsamire pofewa.

"Jasi lili ndi mwini wake," anatero. "Ine kuvina sinditha." Anamasula chubu chija, anapaka manja mafuta, anawatenthetsa powatikita. "Tsopano akulu, mundiuze zoona. Zayamba lero?"

A Mackford anayang'ana pansi kudzera m'bowo. Ankangoona simenti yokolopedwa bwino ndi nsapato za mng'ono wawo, zakutha kuzidendene. Anakumbukira masitepe a ku ofesi ya a tcheyamani.

"Yambira kumanzere, m'bale wanga," anatero ndi mawu aang'ono. "Chaka chino n'chachitatu."